Trafalgar Square: Kafikidwe, Pokumanira ndi Zoyenera Kusamala pa Bwalo la Pakati pa London

Amalawi ambiri akafika ku London amafuna kukaponda pa Trafalgar Square, ndipo kuyambira 2022 chifukwa chinawonjezekera: anamva kuti pali chiboliboli cha John Chilembwe. Ndiyambe ndi nkhani imeneyi kuti wina asawononge ndalama ya sitima ali ndi chiyembekezo cholakwika. Chibolibolicho chinachotsedwapo mu 2024. Sikuti panabuka mkangano kapena wina anadana nacho ayi. Malo amene chinaimapo ndi osinthana, ndipo nthawi yake inakwana.

Pabwaloli pali nsanja zinayi za miyala, imodzi chakungodya iliyonse. Zitatu zili ndi eni ake okhazikika: Mfumu George IV ali pa hatchi, ndi akuluakulu a asilikali awiri amene anamenya nkhondo ku India, Henry Havelock ndi Charles James Napier. Yachinayi, imene eni dziko amaitcha Fourth Plinth, inamangidwa mu 1841 kuti pakhale Mfumu William IV, koma ndalama zinatha ndipo inakhala yopanda kanthu zaka zoposa 150. Kuyambira 1999 anayamba kuikapo ntchito za amisiri a masiku ano, ina ikatha nthawi yake n'kubwera ina. Ya Samson Kambalu, mmisiri wa ku Malawi amene amaphunzitsa pa yunivesite ya Oxford, inavundukulidwa mu Sepitembala 2022. Anaitcha Antelope, ndipo anaitengera pa chithunzi cha mu 1914 chimene Chilembwe anajambulitsa ndi mmishonale wachizungu John Chorley pa tchalitchi chake chatsopano ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Pachithunzipo Chilembwe wavala chipewa, pa nthawi imene munthu wakuda sankaloledwa kuvala chipewa pamaso pa mzungu. Kambalu anamukuza m'busayo pafupifupi kawiri kuposa Chorley, moti woyang'ana ali pansi ankayamba waona Chilembwe, mzungu n'kudzamuona pambuyo.

Mu Sepitembala 2024 pamalopo panabwera ntchito ya Teresa Margolles wa ku Mexico, ndipo nayonso anaiikapo kwa kanthawi chabe. Komabe ine ndimalimbikitsa Mmalawi aliyense kukaima pansi pa nsanja imeneyo. Mukayang'ana kumunsi muona msewu wa Whitehall, kumene kunali maofesi a boma amene ankalamulira Nyasaland pa nthawi imene Chilembwe anaukira atsamunda mu Januwale 1915. Munthu amene boma limenelo linamupha anadzaima zaka ziwiri pamwamba pa msewu wawo womwewo chipewa chili kumutu. Si nkhani yaing'ono, ndipo ana amene mwapita nawo ayenera kuimva ali pamalopo.

Tsopano za bwalo lenilenilo. Mavuto ambiri amene alendo amakumana nawo pano, kusowana, kukwera basi yolakwika, kuyenda mtunda wosafunika, amachokera pa chinthu chimodzi: sadziwa kuti aima mbali iti. Bwaloli ndi lotsetsereka pang'ono, lili ndi kumtunda ndi kumunsi. Kumtunda, kumpoto, kuli chinyumba chachitali m'mbali chokhala ndi mizati kutsogolo, National Gallery, nyumba yoonetseramo zithunzi zojambula pamanja. Kumunsi, kum'mwera, kuli chipilala cha Nelson chotalika pafupifupi mamita 52, chimene anachimaliza mu 1843 pokumbukira mkulu wa asilikali apamadzi Horatio Nelson, amene anafera pa nkhondo ya Trafalgar pa 21 Okutobala 1805. Pamwamba pake pali chiboliboli cha Nelson, chimene chimayang'ana kumunsi, msana waloza ku Gallery. Gwirani chimenechi, chifukwa chipilalacho chimaoneka kulikonse kumene mungaime.

Kwerani masitepe mukaime kutsogolo kwa Gallery, muyang'ane msana wa Nelson. Kudzanja lanu lamanzere kuli tchalitchi cha St Martin-in-the-Fields, kenako South Africa House, ndiye msewu wa Strand umene umapita ku siteshoni ya Charing Cross. Kudzanja lamanja, pafupi nanu, ndi pamene pali nsanja yachinayi ija, ndipo kuseri kwake kuli Canada House. Patsogolo penipeni ndi Whitehall, ndipo kukakhala kowala mumaona nsanja ya wotchi ya Big Ben kumapeto kwake. Patsogolo chakumanja kuli chipata chachikulu cha Admiralty Arch cholowera ku The Mall, msewu wa ku Buckingham Palace. Patsogolo chakumanzere ndi Northumberland Avenue, yotsikira ku mtsinje wa Thames. Kuchokera pano kupita ku nyumba ya malamulo kapena ku nyumba yachifumu ndi ulendo wa mphindi pafupifupi 15 wapansi. Musalipire sitima pa mtunda umenewu. Nthawi yotsika pansi, kudikira ndi kukweranso masitepe imafanana ndi yoyenda.

Pa kafikidwe, siteshoni ya sitima yapansi panthaka imene imatulukira pabwalo penipeni ndi Charing Cross, ndipo pamadutsa mizere iwiri, Bakerloo ndi Northern. Apa pali misampha itatu. Woyamba: mzere wa Northern umagawikana pawiri pakati pa mzinda, nthambi ina imadzera ku Charing Cross, ina ku Bank. Zikwangwani za pamalo odikirira zimalemba "via Charing Cross" kapena "via Bank". Mukakwera ya Bank mudzapezeka kum'mawa kwa mzinda, kutali. Wachiwiri: siteshoniyi kale inali masiteshoni awiri osiyana amene anawalumikiza mu 1979, n'chifukwa chake makwalala ake apansi ndi ataliatali ndipo makomo otulukira ndi ambiri. Tsatirani chikwangwani cholembedwa Trafalgar Square basi, osati Strand kapena National Rail. Wobwera ndi Bakerloo amatuluka msanga kuposa wobwera ndi Northern. Wachitatu ndi wa dzina: chipatala chotchedwa Charing Cross Hospital sichili kuno, chili ku Hammersmith, kumadzulo kwa mzinda. Mukamalemba dzinali pa mapu a mu foni, onetsetsani chimene chasankhidwa musananyamuke.

Wochokera ku bwalo la ndege la Heathrow angakwere mzere wa Piccadilly osasintha mpaka Leicester Square, ulendo wosakwana ola limodzi, kenako n'kuyenda mphindi zisanu kutsika ndi Charing Cross Road. Wobwera ndi mzere wa District kapena Circle atsikire pa Embankment n'kukwera ndi Villiers Street kapena Northumberland Avenue. Amene muli ndi agogo, mwana wa pa pulamu kapena munthu wa pa njinga ya olumala, dziwani kuti ku Charing Cross kulibe chikepe chofika kumsewu. Kwa inu basi ndiye yabwino, chifukwa mabasi a mu London ndi otsika ndipo ali ndi chokwerera chotuluka pakhomo lapakati. Nambala 24 imadutsa pano kuchokera ku Camden kupita ku Westminster ndi Victoria, 15 imapita ku St Paul's ndi ku Tower of London, 12 imapita ku Elephant and Castle ndi Peckham. Malo okwerera basi amwazikana m'misewu yonse yozungulira bwaloli, ndipo aliwonse ali ndi chilembo pamwamba pa mtengo wake. Funsani chilembocho, chifukwa nambala yomweyo imaima mbali ziwiri za msewu, ina yopita ina yobwera.

Mabasi a mu London anasiya kulandira ndalama yapamanja mu 2014. Mumalipira ndi khadi ya Oyster (khadi yolipirira maulendo a basi ndi sitima), khadi ya kubanki yongogunditsa, kapena foni. M'basi mumagunditsa kamodzi polowa, potuluka ayi. Mu 2024 ulendo umodzi unali £1.75, ndipo mukasintha basi ola lisanathe simulipiranso. Pa sitima mumagunditsa polowa ndi potuluka, ndipo khadi ikhale yomweyo. Chimene chimadyera anthu ndalama n'kugunditsa chikwama chonse muli makhadi awiri, kapena kulowa ndi khadi n'kutuluka ndi foni. Makina amaona ngati ndi maulendo awiri osamalizidwa ndipo amadula mtengo wokwera pa onse awiri. Munthu aliyense akhale ndi khadi yake. Ana osakwana zaka 11 amene ali ndi wamkulu wolipira salipira.

Pokumana ndi munthu, mawu akuti "tikapezana pa Trafalgar Square" sathandiza. Mawu akuti "pa mkango" nawonso ndi osakwanira, popeza mikango ya mkuwa yozungulira chipilala cha Nelson ilipo inayi, yofanana, ndipo tsinde la chipilala ndi lalikulu moti amene ali mbali ina simumuona. Madziwe a akasupe aliponso awiri. Sankhani chinthu chimene chilipo chimodzi chokha: masitepe a tchalitchi cha St Martin, amene ali ndi denga mvula ikagwa, kapena pansi pa nsanja yachinayi, kapena chiboliboli cha Mfumu Charles I ali pa hatchi, chimene chili pa kachilumba ka pakati pa msewu kumunsi kwa chipilala. Pa Charles I ndi pamene mitunda yopita ku London imayezedwera, koma ndi pamalo popanikizika ndi magalimoto, choncho ngati muli ndi ana sankhani tchalitchi. Gwirizananinso za nthawi yodikira ndi chochita wina akachedwa musanalowe pansi, chifukwa netiweki simapezeka paliponse m'njanji zapansi, ndipo tsiku la chikhamu ngakhale pamtunda uthenga umachedwa kufika.

Mikango ija, imene Edwin Landseer anaikonza ndipo inaikidwa mu 1867, ndiyo imakopa ana ndi achinyamata. Pachithunzi imaoneka yosavuta kukwera. Mukafika pafupi mupeza kuti tsinde lake ndi lalitali kuposa munthu wamba, mkuwa wa pamsana unasalala ndi manja ndi mathalauza a anthu, ndipo pansi pake ndi mwala wokhawokha. Kukagwa kamvula, ndiye ndi poterera zedi. Kukwera anthu amakwera mothandizana, wina kukankha wina kukoka, koma ngozi imachitika potsika, pamene munthu walumpha n'kufikira pa chidendene. Chithunzi chabwino chimatheka mutaima pansi kutsogolo kwa mapazi ake. Kulowa m'madziwe a akasupe n'koletsedwa, ngakhale kutenthe bwanji. Kudyetsa nkhunda nakonso kunaletsedwa mu 2003, chifukwa zitosi zake zinkaononga miyala. Amene anabwera kuno kale amakumbukira anthu ogulitsa chakudya cha mbalame ndi nkhunda zotera pamutu. Zimenezo zinatha, ndipo nthawi zina mumaona munthu atanyamula kabawi woweta pamkono, ntchito yake kuopseza nkhundazo. Pabwaloli pamakhala alonda a yunifolomu usana ndi usiku. Mwana akasowa kapena wina akadwala, yambirani kwa iwo.

Nkhani ya akuba ndiyofunika kuifotokoza bwino, chifukwa akuba a pano sagwiritsa ntchito mphamvu. Opisa m'matumba amagwirira ntchito pamene maso a anthu onse aloza kumodzi. Kumtunda kwa masitepe, kutsogolo kwa Gallery, pamakhala oimba, ovina, ndi ojambula pansi ndi choko. Ena amajambula mbendera za mayiko m'mizere, alendo n'kumaponya makobili pa mbendera ya kwawo. Munthu amawerama kufunafuna yakuda, yofiira ndi yobiriwira, chikwama chili kumsana, foni ili m'thumba lakumbuyo. Mphindi imeneyo ndi imene wakuba amaidikira. Sangalalani nazo, koma chikwama chibwere kutsogolo ndipo zipi ikhale pansi pa dzanja. Pasipoti isiyeni kumene mukugona, muyende ndi chithunzi chake mu foni.

Akuba a mtundu wina ndi olanda mafoni ali pa njinga zamagetsi. Njingazi sizimveka, zimabwera kumbuyo, ndipo amene amalandidwa ndi woima m'mphepete mwa msewu akuyang'ana mapu. Foni imachoka m'manja isanazime, choncho wakubayo amaipeza yotsegula. Mukafuna kuona mapu, sunthirani kukhoma kapena lowani pakhomo la sitolo. Musananyamuke kunyumba imbani *#06# mulembe nambala ya IMEI, yozindikiritsa foni yanu, imene ituluke, muisunge papepala, chifukwa apolisi ndi kampani ya foni adzaifuna. Mukaberedwa, yambani ndi kutsekitsa makhadi a kubanki ndi laini. Nambala ya ngozi kapena mlandu umene ukuchitika pompo ndi 999, ya mlandu umene wachitika kale ndi 101, ndipo za m'sitima mungatumize uthenga ku 61016. Pemphani nambala ya mlandu, popeza a inshuwalansi salipira popanda iyo.

Samalaninso ndi akabaza a matayala atatu, okongoletsedwa ndi magetsi ndi nyimbo zaphokoso, amene amaima chakumadzulo ndi usiku. Madandaulo a mitengo yawo anachuluka mpaka nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo lowayang'anira mu 2024. Chinyengo chake chimakhala pa kawerengedwe: mtengo umene watchulidwa umadzakhala wa mphindi imodzi, kapena wa munthu mmodzi. Ngati mwafunadi kukwera, mtengo wonse wa ulendo wonse wa anthu nonse umveke musanakhale pampando, ndipo werengani nambala imene yalembedwa pa makina musanagunditse khadi. Ovala zovala zoseketsa amene amakukodolani kuti mujambulitse nawo amayembekezera ndalama. Ngati simukufuna kulipira, kanani poyamba pomwe.

Zimbudzi za pabwalo zili pansi pa masitepe akuluakulu, mbali ya kumadzulo, ndipo nthawi zambiri zimalipiritsa kandalama kochepa. Za mu National Gallery ndi zaulere, koma mumayamba mwadutsa pa mzere wosecha zikwama. Chakudya cha m'malo oyang'anizana ndi bwalo ndi chodula. Masitolo ang'onoang'ono a supamaketi a mu Strand amagulitsa sangweji, chakumwa ndi kachakudya kena pa mtengo umodzi wotsika, ndipo kudyera pa masitepe a bwalo palibe amene amaletsa. Nyengo yozizira, pansi pa tchalitchi cha St Martin pali malo odyera otchedwa Café in the Crypt, ofunda, okhala ndi denga la njerwa lopindika, ndipo pansi pamene mumapondapo pali miyala ya pamanda yakale imene zilembo zake zinafufutika ndi mapazi. Tchalitchichi chinamalizidwa mu 1726 ndipo chimadziwika ndi ntchito yothandiza anthu osowa pogona. Anthu ogona m'makonde mudzawaona ndithu m'dera lino, ndipo alendo ochokera kwathu ambiri amadabwa nazo.

Chimene chimandiwawa ndi kuona anthu akujambulitsa kutsogolo kwa National Gallery n'kubwerera osalowa, poganiza kuti ndi kodula. Kuona zithunzi zokhazikika za m'nyumbayi n'kwaulere. Zolipira ndi zionetsero zapadera zokha. Muli zithunzi zojambula pamanja zoposa 2,300, za amisiri monga Leonardo da Vinci, Rembrandt, Turner ndi Van Gogh. Amatsegula 10 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo, Lachisanu mpaka 9 koloko usiku. Kuyambira mu Okutobala 2024 anakhwimitsa malamulo pa zamadzimadzi zolowa nazo, anthu ochita zionetsero atathira supu pa zithunzi, choncho onani malamulo a tsikulo pa webusaiti yawo musananyamule mabotolo. Masutikesi salowa. Musayese kuona zonse, miyendo imatopa maso asanakhute. Tengani mapu pakhomo, sankhani zipinda zitatu kapena zinayi, mukhale ola limodzi. Kuseri kwake kuli National Portrait Gallery, nakonso kolowa ulere.

South Africa House, imene inatsegulidwa mu 1933, ndi ofesi ya kazembe wa dzikolo, ndipo amene munakhalako ku Joni muyenera kudziwa mbiri ya khonde lake. Kuyambira mu Epulo 1986 anthu odana ndi tsankho anachita chionetsero chosalekeza pakhomo pake, usana ndi usiku, mpaka Nelson Mandela atatulutsidwa m'ndende mu 1990. Mu 1996 Mandela anaima pakhonde lam'mwamba la nyumba yomweyo monga mtsogoleri wa dziko, akulankhula kwa chikhamu. Anabweranso pabwaloli mu Febuluwale 2005 kudzalankhula za umphawi wa m'mayiko osauka. Ofesi ya kazembe wa Uganda nayo ili pabwalo pomwepa, ndipo ya Zimbabwe ili mu Strand, mphindi zochepa wapansi. Ya Malawi siili pano.

Mwambo wa zionetserowu sunathe, ndipo umakhudza ulendo wanu. Loweruka lambiri magulu amaguba kudzathera pano kapena kudutsa kupita ku Whitehall. Misewu imatsekedwa, mabasi amapatutsidwa, ndipo makomo ena a siteshoni amatsekedwa kuti anthu asapanikizane. Onani webusaiti ya Transport for London, bungwe loyang'anira mabasi ndi sitima zapansi, m'mawa wa tsikulo. Mukapezeka pakati pa chikhamu chimene simunachikonzekere, musalimbane ndi kumene anthu akulowera. Tulukirani cham'mbali, kulowera ku Leicester Square kapena ku Embankment, mukakwerere kumeneko. Amene muli pa viza ya ulendo kapena ya sukulu, kumbukirani kuti kumangidwa, ngakhale mwangopezekapo, kungasokoneze mapepala anu. Pakayamba kukankhana ndi apolisi, chokanipo.

Zikondwerero zaulere zimachitikanso pano chaka chonse: Chaka Chatsopano cha Matchaina, tsiku la St Patrick mu Malichi, Eid ndi Diwali. Masiku amenewa bwalo limatchingidwa ndi mipanda, pamakhala zipata zosechera, ndipo likadzaza amasiya kulowetsa anthu, choncho fikani mwambo usanayambe. Mu Disembala pamaima mtengo wa Khirisimasi wotalika mamita pafupifupi 20, mphatso imene mzinda wa Oslo umatumiza chaka chilichonse kuyambira 1947 pothokoza Britain chifukwa chothandiza Norway pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse. Amauyatsa kumayambiriro kwa mweziwo ndipo umachotsedwa sabata yoyamba ya Januwale. Madzulo magulu a makwaya amaimba pansi pake. Usiku wolowa chaka chatsopano musabwere kuno kudzaona makombola. Amaphulitsidwira ku London Eye, chiwilo chachikulu chokwerapo anthu chimene chili m'mphepete mwa mtsinje, ndipo kuyambira 2014 malo oonerako ndi a matikiti ogulidwiratu.

Wofuna zithunzi zopanda chikhamu afike 9 koloko m'mawa isanakwane. Masana dzuwa limakhala kum'mwera, choncho wojambula chipilala ataima ku Gallery amajambula moyang'anizana ndi kuwala ndipo nkhope zimada. Nthawi imeneyo imani kumunsi mujambule cholozera ku Gallery, chipilala muchisiyire madzulo. Mu Disembala kumada 4 koloko isanakwane, mu Juni kumawala mpaka kupitirira 9 koloko usiku. Mphepo ikamawomba, madzi a akasupe amauluka n'kunyowetsa okhala m'mphepete mwa dziwe, ndiye onani kumene ikulowera musanakhale.

Mukachedwa, sitima zambiri zapansi zimasiya kuyenda pakati pa usiku patangodutsa pang'ono. Usiku wa Lachisanu ndi wa Loweruka mizere ina, kuphatikizapo Piccadilly ndi nthambi ya Charing Cross ya Northern, imayenda mpaka m'mawa. Masiku ena onse dalirani mabasi ausiku, amene ambiri nambala yawo imayamba ndi N, ndipo ambiri a iwo amadutsa m'misewu yozungulira bwalo lino. Pezani chilembo cha malo okwerera foni isanathe moto. Galimoto imene mungaimitse pamsewu ndi takisi yakuda yokha imene nyali yake yachikasu yayaka. Zina zonse ziyenera kuitanidwa pa foni kapena ku ofesi yake, ndipo dalaivala wokuitanani yekha ali pambali pa msewu akuphwanya lamulo, musakwere.